Musanagule valavu ya thermostatic, dziwani zomwe zili m'khoma mwanu

Mukusamba m'shawa, wina watsegula mpope kukhitchini kapena wagejemula chimbudzi. Madzi ozizira achepa, otentha akuwaulani pamsana. Mikisa wamba (mpope wosakaniza madzi otentha ndi ozizira) ya chogwirira chimodzi singakutetezeni, chifukwa ntchito yake ndi kutsegula njira ziwiri basi. Valavu ya thermostatic ili ndi kachipangizo kodzaza phula lomwe limafufuma likatenthedwa. Madzi akapyola pomwe mwatchera, phulalo limakankha kapisitoni, njira ya otentha imachepa, ya ozizira n'kukula. Ozizira akasiyiratu kubwera, imatseka otentha. Mavalavu ambiri otere ali ndi batani loimitsa chogwirira pa madigiri 38.

M'nyumba ya ana aang'ono kapena agogo, ine ndimailimbikitsa kwambiri. Giza (chotenthetsera madzi) imayenera kusunga madzi pa madigiri 60 kuti tizilombo ta Legionella tisaswane, koma madzi otere amasupula khungu pa masekondi ochepa, la mwana mofulumira koposa. Giza ya sola dzuwa la Okutobala likaswa mtengo imapitirira pamenepo.

Funso lomwe aliyense amayamba nalo ndi la matailosi: kodi tiswa? Zikudalira chomwe chinakwiriridwa. Ngati omanga anaika bokosi ngati iBox universal ya Hansgrohe kapena Rapido SmartBox ya Grohe, timangochotsa zakutsogolo n'kuika za thermostatic za kampani yomweyo, khoma osalikhudza. Koma m'nyumba zambiri, thupi la mikisa analimata ndi simenti m'njerwa. Pamenepo kuswa sikungapeweke. Ngati kuseri kwa khomalo kuli chipinda chopanda matailosi, ndi bwino kulowera komweko, chifukwa pulasitala amabwezereka mosavuta, pamene matailosi ofanana ndi akale sapezeka wamba.

Chomwe chimagwetsa ntchito zambiri ndi presha. Mavalavu ambiri amafuna pafupifupi 1 bar, ndipo 1 bar ndi thanki yokwera mamita 10 kuchokera pomwe madzi akutulukira. Thanki ili pa sitandi ya mamita 5, mutu wa shawa uli mamita 2 kuchokera pansi, ndiye kuti mwatsala ndi 0.3 bar yokha. Ngakhale valavu yokwera mtengo idzangotulutsa madzi modontha. Pafunika pampu, kapena valavu yopangidwira presha yochepa. Vuto lina ndi loti ozizira achokere ku mpope wa Water Board mwamphamvu, otentha akutsika pang'onopang'ono kuchokera kudenga. Ozizira amagonjetsa otentha, mwinanso kubwerera nawo ku giza ngati palibe valavu yoletsa madzi kubwerera (non-return valve). Pulambala ayeze mbali zonse ziwiri ndi geji ya presha ndalama isanatuluke m'thumba.

Ayang'anenso mapaipi. Otentha amalowera kumanzere, ozizira kumanja. Mikisa wamba imagwira ntchito ngakhale atasemphanitsa, n'chifukwa chake cholakwikacho chimabisala zaka zambiri, koma ya thermostatic imangopereka otentha kwambiri kapena ozizira okhaokha.

Poika, mapaipi atsukidwe kaye ndi madzi kuti mchenga ndi zidutswa za simenti zituluke, ndipo zolumikiza ziyesedwe ngati sizikudontha khoma lisanatsekedwe. Ngati madzi anu ndi a pa chitsime chokumba ndi makina ndipo amasiya zoyera m'ketulo, tisefa ta valavu tizitsukidwa kamodzi pachaka. Pulambala asanachoke, aike thermometer m'madzi, chogwirira chili pa 38, ndipo ngati sizikugwirizana achikonze pomwepo.