Ndakatulo yopita kwa mtsogoleri siilembedwa ndi misozi yokha

Ndatopa nawo mawu akuti "bola zachokera pansi pa mtima." Ndimawamva kwa achinyamata amene amandibweretsera ndakatulo kuti ndiwakonzere, makamaka zolembera atsogoleri a ndale. Mtima ndi wofunika, inde, koma sungalowe m'malo mwa kudziwa munthu amene mukumulemberayo.

Nkhani imene imandivutabe mpaka lero ndi ya AnnaLynne McCord, wochita mafilimu wa ku America. Pa 24 February 2022, tsiku limene asilikali a Russia analowa mwamphamvu m'dziko la Ukraine, mayiyu anaika pa Twitter kanema akulakatula ndakatulo yopita kwa Vladimir Putin, mtsogoleri wa Russia. Mfundo yake inali yoti akanakhala kuti iye ndiye anabala Putin, akanamulera mwachikondi moti nkhondoyo sikanachitika. Anthu ambiri anamuseka. Ine zinandimvetsa chisoni, chifukwa cholakwa chomwecho ndimachipeza m'mapepala a anthu aluso ndithu.

Putin anali ndi mayi ake omubereka, dzina lawo Maria. Mayi amenewa anapulumuka pamene asilikali a Germany anazinga mzinda wa Leningrad, ku Russia, kwa masiku pafupifupi 900, kuyambira 1941 mpaka 1944, anthu akufa ndi njala m'misewu. Mwana wawo Viktor anamwalira pa nthawi imeneyo. Putin anadzabadwa mu 1952. Ndiye munthu n'kungodzuka, n'kuuza dziko lonse kuti muzu wa nkhondo ndi maleredwe? Kumeneko n'kusenzetsa malemu mlandu wa mwana wawo wa zaka pafupifupi 70, amene anasankha yekha zochita. Komanso pamtima pa ndakatuloyo panakhala wolembayo ndi ubwino wake, pamene usiku womwewo amayi a ku Kyiv, likulu la Ukraine, ankagona ndi ana awo m'masiteshoni a sitima zapansi panthaka kuthawa mabomba.

Kutchuka pa kanema sikusandutsa munthu mlakatuli. Kumangochititsa kuti zimene walemba mothamanga zifike kutali msanga.

Ife kuno sitiyenera kuchita kuuzidwa kuti mawu opita kwa mtsogoleri ndi olemera. Mlakatuli Jack Mapanje anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Alakatuli a nthawi ya Kamuzu ankayeza liwu lililonse, n'kubisa tanthauzo m'mikuluwiko, chifukwa ankadziwa bwino amene akulankhula naye.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi anthu odzitcha akonzi amene akuchuluka masiku ano. Amakulipiritsani, n'kusintha timipatuliro tiwiri, n'kukuuzani kuti mwalemba chodabwitsa. Mkonzi amene sanakufunseni kuti "mfundo iyi mwaitenga kuti?" wangodya ndalama zanu. Enanso amalonjeza kuika ndakatulo yanu m'buku mukapereka kangachepe, osaiwerenga n'komwe. Thawani.

Ndipo chonde musamabwere mochedwa. Ambiri amandipeza ndakatulo ili kale pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, anthu ataijambula, mkangano utabuka kale kubanja ndi kuntchito. Pamenepo palibenso chimene ndingakonze. Mukalemba mutakwiya kapena mukulira, isungeni sabata yathunthu. Werengani mbiri ya mtsogoleriyo. Kenako werengani kuti mawu akuti "ine" akupezeka kangati, ndiponso kuti anthu amene akuvutikawo atchulidwa kangati. Mukatero mubwere nayo, tikhale pansi tiione mzere ndi mzere.