Madzi a m'botolo si oyera nthawi zonse

Ambiri timakhulupirira kuti madzi a m'botolo, poti ndi otsekedwa bwino ndipo amaoneka oyera mbee, alibe choipa chilichonse, koma maganizo amenewa ndi olakwika. Akatswiri m'mayiko angapo apeza m'madzi ena otere mankhwala otchedwa PFAS, omwe amagwiritsidwa ntchito popanga mapoto osamatirira chakudya ndi thovu lozimitsira moto. Mankhwalawa saoneka ndi maso, saola msanga m'nthaka, ndipo akalowa m'magazi a munthu amakhalamo zaka zambiri.

Mu 2023, nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, inaika PFOA, mtundu umodzi wa mankhwalawa, m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti kuwiritsa madzi, komwe kumapha tizilombo ta kolera, sikuwachotsa. Madzi akamaphwera m'poto, mankhwalawo amatsalira momwemo.