Musanasamukire kunja kwa tauni, werengerani njira

Pafupifupi sabata iliyonse ku ofesi kwanga kumabwera banja lotopa ndi lendi. Ntchito yanga ndi yowerengera mitengo ya nyumba ndi malo muno mu Lilongwe, choncho anthu akafuna kugula puloti kapena kusintha nyumba amayamba adzandifunsa. Nkhani yake imafanana. Akukhala ku Kawale, ku Biwi, ku Mchesi kapena ku Area 23. Nyumba ndi yothinana, bafa ndi chimbudzi akugawana ndi mabanja ena atatu, landilodi wakwezanso lendi ndipo akufuna ya miyezi itatu pakamodzi. Ndiye wina wawatsina khutu kuti ku Chitipi, ku Njewa, ku Airwing, ku Lumbadzi kapena mbali ya ku Bunda kuli nyumba ya zipinda zitatu, ya mpanda, pa mtengo womwewo mwinanso wocheperapo. Amandifunsa kuti, "Kodi tisamuke?"

Ine ndimawamvetsa, ndipo zabwino zimene akuzionazo si zabodza. Kunja kwa tauni kuli malo. Mwana amathamanga pabwalo osaopa galimoto kapena ngalande ya madzi oipa. Kuseri kwa nyumba mumadzala mpiru, bonongwe ndi tomato, mumaweta nkhuku, ndipo ndalama ya ndiwo imatsikadi. Usiku mumagona, kulibe bala yoimba mpaka mbandakucha kuseri kwa khoma lanu. Amene wagula puloti ali ndi phindu linanso lalikulu: mzinda ukumutsatira. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mu mzinda wa Lilongwe muli anthu pafupifupi 990,000, ndipo anthu akuchulukirabe chaka ndi chaka. Amene anagula malo ku Area 49 kapena ku Area 25 kale, anzawo akuwaseka kuti akukakhala kutchire, lero ali pakati pa nyumba, misika ndi masukulu. Msewu wolambalala wa kumadzulo, wochokera ku Bunda Turn-off kukalumikiza msewu wa Mchinji, utangotha, malo a m'mbali mwake anakwera mtengo anthu akuona. Zimenezi sinditsutsa ngakhale pang'ono.

Koma ndisanayankhe ndimatenga pepala ndi cholembera, chifukwa mtengo wa nyumba si lendi yokha. Pa lendipo muwonjezepo njira.

Lilongwe anamangidwa motayana dala. Pamene likulu linkasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, okonza mapulani anaika Old Town payokha, City Centre ndi Capital Hill pazokha, mafakitale ku Kanengo, pakati pake n'kusiya nkhalango ndi madambo. Zotsatira zake n'zakuti munthu wa mu Lilongwe amayenda mtunda wautali ngakhale akukhala m'kati mwa mzinda, ndipo magalimoto ambiri amakathera m'misewu yochepa yomweyo: M1, wa Mchinji, wa Salima. Misewu ina yakuzidwa, ku Area 18 kuli mlatho wodutsana magalimoto, ndipo zathandiza. Koma amene akuchokera kunja amayenerabe kulowa pa khomo lomwelo limene aliyense akulowa pa 7 koloko m'mawa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti nyumba yatsopanoyo ili pa mtunda wa makilomita 20 kuchokera kuntchito. Kupita ndi kubwera ndi 40. Pa masiku 22 ogwira ntchito pamwezi akukwana makilomita 880. Ngati galimoto yanu imayenda makilomita 12 pa lita imodzi, ndiye kuti mukufunika malita 73 pamwezi ongopita kuntchito basi, tisanaikepo tchalitchi, maliro, msika ndi kukatenga ana kusukulu. Chulukitsani malitawo ndi mtengo wa mafuta wa lero, kenako mufunse kuti mtengowo ukhala pomwepo kwa miyezi ingati. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo nthawi iliyonse mafuta ndi mitengo ya minibasi zimatsatira. Lendi imakwera kamodzi pachaka mwina, ndipo mumatha kukambirana ndi landilodi. Pa pampu palibe kunenerera. Mafuta akasowa, monga taonera zaka zapitazi, wa ku Area 18 amatha kuyenda wapansi kukafika ku City Centre. Wa ku Mpingu, kutali kunja kwa mzinda, sangathe.

Amene alibe galimoto, masamu ake ndi owawa kwambiri. Kabaza kuchoka pakhomo kukafika pa siteji, minibasi kapena Sienta kukafika ku depoti, ina kuchoka ku depoti kukafika kuntchito. Maulendo atatu kupita, atatu kubwera. Ngati m'nyumbamo ogwira ntchito ndi awiri ndipo ana awiri akuphunzira m'tauni, ndalama imene munapulumutsa pa lendi imatha mwezi usanafike pakati. Ndaona mabanja ambiri akudabwa atalemba manambalawa okha ndi dzanja lawo. Palinso nthawi, imene anthu saiwerengera chifukwa situluka m'thumba. Ola limodzi kupita, limodzi kubwera, pamwezi ndi maola 44. Ndiye kuti mwezi uliwonse mukugwira sabata yathunthu ya ntchito yopanda malipiro, mutakhala pa mpando wa minibasi.

Chimene ndimachiyang'ana kwambiri ine si msewu wa tala ayi, koma kachigawo kotsiriza, kochokera pa tala kukafika pa geti. Madobadoba amakonda kuonetsa nyumba mu August ndi September, msewu uli gwa, fumbi lokha. Bwereraniko mu February. Chaka china ndinapita kukaona nyumba ya kasitomala wanga mbali ya kumadzulo kwa mzinda, nyumba yokongola, matailosi mpaka pakhonde. Kunali kutagwa mvula usiku. Galimoto tinaisiya pa golosale ina pafupi ndi tala, n'kuyenda wapansi. M'njira tinakumana ndi mayi wa m'nyumbamo, nsapato za kuntchito zili m'jumbo, kuphazi avala magambutsi, mwana wa yunifolomu ali kumbuyo ngakhale anali wamkulu woti n'kuyenda yekha. Anandiuza kuti wa kabaza amakana kulowa mvula ikagwa, ndipo akavomera amakweza mtengo. Walira mvula walira matope, inde, koma matopewo sagawidwa mofanana m'banja. Bambo amene ali ndi galimoto amatuluka m'mawa n'kubwera usiku. Amene amakhala ndi msewuwo, madziwo ndi mdimawo tsiku lonse ndi mayi, ana ndi mtsikana wantchito. N'chifukwa chake ndimakana kukambirana nkhaniyi ndi bambo yekha.

Mukapita nthawi ya mvulayo muonenso kumene madzi amalowera. Puloti yotchipa modabwitsa nthawi zambiri imakhala m'dambo kapena m'mphepete mwa mtsinje. Yang'anani m'munsi mwa makoma a maneba: ngati pali mzere wakuda wa chinyontho kapena pulasitala akusupuka, pansipo pali madzi. Mu 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kuwononga nyumba ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo, ndipo anzathu a ku Blantyre sadzaiwala zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu March 2023. Malo otsetsereka ndi a m'madambo amatchipa pa chifukwa.

Za madzi akumwa musafunse wogulitsa. Funsani mayi amene mwamupeza akuchapa pa nyumba yoyandikana nayo. Kodi mapaipi a Lilongwe Water Board anafika? Ngati anafika, madzi amatuluka nthawi yanji, masana kapena 2 koloko usiku? Mzinda wonse umadalira kwambiri madamu awiri a Kamuzu a ku Malingunde, ndipo ntchito yokoka madzi kuchokera kunyanja ku Salima inayambika chifukwa anthu achuluka kuposa madziwo. Madera okwera ndi a kumapeto kwa paipi ndi amene amayamba kuuma mu October. Kumene mapaipi sanafike mudzafunika chitsime kapena mjigo, pampu, thanki ndi nsanja yake, ndipo zonsezi ndi ndalama zoti muziike pa mtengo wa nyumba kuyambira pachiyambi. Chitsime chosaya pa puloti yaing'ono chili ndi vuto lina limene anthu salilabadira: neba aliyense wakumba chimbudzi chake, ndipo pansi pa nthaka mulibe mpanda. Dera limene lero lili ndi nyumba khumi, pakatha zaka zisanu lidzakhala ndi zimbudzi mazana.

Magetsi n'chimodzimodzi. Kuona waya wa ESCOM patali sikutanthauza kuti mulumikizidwa mwezi wamawa. Werengani mapolo amene akufunika kuti afike pa puloti yanu, ndipo mufunse maneba kuti iwo anadikira nthawi yaitali bwanji. Sola yathandiza mabanja ambiri pa kuwala, TV ndi kutchaja mafoni, koma yophikira ndi kusitira imafuna ndalama zambiri.

Tsopano mapepala, pamene pagona misozi yambiri imene ndaiona pa ntchitoyi. Ena mwa madera amene tikunenawa ali kunja kwa malire a khonsolo ya mzinda, pa malo a mafumu. Kumeneko munthu amagula puloti, n'kupatsidwa kalata yodindidwa ndi amfumu, mboni ziwiri n'kusaina. Kalata imeneyo ili ndi ntchito yake, koma si lizi ndipo si title deed, mapepala a boma otsimikizira umwini wa malo. Banki nthawi zambiri siilandira ngati chikole. Choopsa kwambiri n'chakuti munda umene ukudulidwa mapulotiwo umakhala wa banja lonse, ndipo wogulitsayo mwina ndi mwana mmodzi chabe amene sanauze alongo ake kapena amalume. Kuno kwa Achewa, kumene malo amayenda kuchikazi, siginecha ya mwamuna mmodzi singakutetezeni mbumba ikadzuka. Ndaonapo puloti imodzi itagulitsidwa kwa anthu atatu, aliyense ali ndi kalata yake yodinda. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anatsegula njira yolembetsa malo a makolo m'kaundula kudzera m'makomiti a malo a m'midzi, koma ntchitoyi sinafike paliponse. Choncho musanapereke ndalama, pitani nokha ku ofesi ya za malo ndi ku khonsolo mukafufuze ngati malowo alibe mwini wina, ngati sali mu msewu wa m'mapulani kapena pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi. Itanani saveya wovomerezeka aike mabikoni, zizindikiro za malire a puloti, maneba akuona. Khalani pansi ndi akubanja onse a wogulitsayo. Zimenezi zimadya ndalama ndi masabata angapo, ndipo dobadoba adzakuuzani kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa. Musiyeni abwere.

Onaninso ngati pulotiyo ili ndi msewu wake weniweni. Kumene malo amadulidwa popanda pulani, aliyense amamanga mpanda mpaka pa malire, ndipo kanjira kamene munalowera pogula kamatsekedwa ndi neba amene wabwera pambuyo panu. Lole ya mchenga imalephera kufika. Ambulansi nayonso.

Pa ambulansipo ndiimepo pang'ono. Ngati m'nyumba muli mayi woyembekezera, mwana wa mphumu kapena kholo la BP ndi shuga, yesani ulendo wochoka pa getipo kukafika ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central usiku, osati masana. Dziwani chipatala chaching'ono chimene chili pafupi ndi nthawi imene chimatseka. Dziwani neba amene ali ndi galimoto.

Pali china chimene sichilembeka pa pepala langa lija. Ku Kawale kuja mukudandaula phokoso, koma mwana akadwala mumangogogoda khomo lotsatira. Muli ndi banki m'khonde yanu, kwaya yanu, anthu amene adzagona pa maliro anu. Mayi amene amagulitsa mandasi, mafirizesi kapena kaunjika pakhomo ali ndi makasitomala chifukwa anthu ndi ambiri odutsa. Kumipanda kulibe odutsa. Geni imene inkagula ndiwo imafa mwezi woyamba, ndipo banja limazindikira mochedwa kuti inali mzati. Chitetezo nachonso chimasintha. Nyumba yoima yokha pakati pa mapuloti osamangidwa ndi chimanga chotalika imafuna mlonda, agalu kapena kusonkherana ndi maneba kulipira achitetezo a m'dera, ndipo polisi ili kutali.

Ndiye ndani asamuke? Maganizo anga ndi awa. Amene ntchito yake ili mbali yomweyo apite ndi mtima umodzi: wogwira ku Kanengo kapena ku bwalo la ndege la Kamuzu akakhala ku Area 25 kapena ku Lumbadzi wafupikitsa ulendo, wogwira ku Chitedze akakhala ku Chitipi wapeza bwino. Amene amagwira ntchito pa intaneti ali pakhomo, kapena wopuma pantchito amene akufuna dimba ndi khola, kunjaku kumamukomera, bola madzi ndi netiweki zikhalepo. Amene akukamanga yakeyake pa malo a mapepala abwino ali ndi chifukwa chopiririra matope, popeza ndalama yake ikusanduka khoma. Koma banja limene likuchoka pa lendi kupita pa lendi ina, onse awiri akugwira ntchito m'tauni, opanda galimoto, ana ali pa sukulu za m'tauni, kawirikawiri ndimaliuza kuti likhale kaye, kapena lifunefune nyumba yabwinoko m'dera lomwe lilimo.

Kwa amene mtima wagunda kale kuti agule, ndimapempha chinthu chimodzi: chitani lendi m'dera limenelo kuyambira November mpaka April musanagule puloti. Banja lina limene ndinalilangiza motero linachitadi zimenezo mbali ya ku Njewa. Pofika March anali atadziwa kuti puloti imene ankaifuna poyamba imakhala m'madzi masabata angapo, ndipo anali atadziwana ndi agogo ena a m'mudzimo amene anawalozera malo okwera, pafupi ndi tala, n'kuwaitanira banja lonse la eni mundawo kuti akambirane pamaso pa amfumu. Anagula kumeneko, puloti yocheperapo pa mtengo wokwererapo, ndipo panopa khoma lafika pa windo.