Khansa ya chithokomiro: mafunso ndi mayankho

Kodi chithokomiro n'chiyani, nanga chikatupa ndiye kuti munthu ali ndi khansa?

Chithokomiro ndi kachiwalo kamene kali kutsogolo kwa khosi, kumunsi kwa kholingo, ndipo kamapanga mahomoni amene amayendetsa kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi komanso mmene thupi limagwiritsira ntchito chakudya. Munthu akamameza madzi ali pagalasi, chotupa cha m'chithokomiro chimaoneka chikukwera n'kutsika pamodzi ndi kholingo. Zotupa zambiri zotere si khansa, ndipo m'madera ambiri chithokomiro chimatupa chifukwa chosowa ayodini, n'chifukwa chake mchere wogulitsidwa m'Malawi umayenera kukhala wothira ayodini. Komabe, palibe amene angasiyanitse chotupa wamba ndi khansa pongoyang'ana kapena kukhudza.

Ndi zizindikiro ziti zimene siziyenera kunyalanyazidwa?

Chimene chimanyenga anthu ambiri n'chakuti khansa imeneyi nthawi zambiri sipweteka, ndipo munthu amatha kulima, kugulitsa malonda ndi kulera ana popanda chomusowetsa mtendere. Koma chotupa chikakhala cholimba kapena chikamakula msanga, mawu akasasa kwa milungu ingapo popanda chimfine, mwanabere akatuluka m'khosi osaphwa, kapena kumeza ndi kupuma kukayamba kuvuta, munthuyo apite kuchipatala asanayese china chilichonse. Kutema mphini pachotupa sikuchichepetsa, kumangotayitsa nthawi imene madokotala akanachitapo kanthu.

Ndani amene ali pachiopsezo chachikulu?

Amayi amadwala khansayi pafupifupi katatu kuposa abambo, ndipo imagwiranso achinyamata. Chiopsezo chimakula kwa munthu amene anakhudzidwa ndi mphamvu ya radiation (cheza chosaoneka chimene chingawononge maselo a m'thupi) ali mwana, monga zinaonekera ngozi ya pamalo opangira magetsi ndi mphamvu ya nyukiliya ku Chernobyl, m'dziko la Ukraine, itachitika mu 1986, pamene ana ambiri a ku Ukraine, Belarus ndi Russia anapezeka ndi khansayi patapita zaka. Mtundu wa khansayi wotchedwa medullary nthawi zina umayenda m'magazi a pabanja, choncho abale ake a wodwala angafunikenso kuyezedwa.

Kodi kuchipatala amayeza bwanji?

Ulendo umayambira pachipatala chapafupi kapena cha boma lanu, kumene amalemba kalata yotumiza wodwala kuchipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Kumeneko amaunika khosi ndi makina a ultrasound, kenako amalowetsa kasingano kakang'ono m'chotupacho n'kutenga timaselo tokayeza. Dziwani kuti zotsatira za magazi zikhoza kutuluka zabwinobwino munthu ali ndi khansa, choncho kuyeza magazi kokha sikokwanira.

Kodi imachizika?

Inde, kawirikawiri imachizika, ndipo pamenepa odwala ayenera kulimba mtima. Mtundu wofala kwambiri, wotchedwa papillary, umakula pang'onopang'ono ndipo ambiri amene alandira thandizo amakhala ndi moyo zaka zambirimbiri, ngakhale kuti mtundu wa anaplastic, umene supezeka kawirikawiri ndipo umagwira makamaka okalamba, ndi woopsa kwambiri. Thandizo lalikulu ndi opaleshoni yochotsa mbali imodzi ya chithokomiro kapena chonse. Odwala ena amapatsidwanso ayodini wa radiation wakumwa kuti aphe maselo otsalira, ndipo mayi amene walandira mankhwalawa amalangizidwa kudikira miyezi 6 mpaka 12 asanatenge pakati.

Nanga munthu amakhala bwanji chithokomiro chikachotsedwa?

Chikachotsedwa chonse, munthu amamwa piritsi la levothyroxine tsiku lililonse kwa moyo wake wonse, chifukwa thupi silingathenso kupanga mahomoni aja. Piritsili limamwedwa m'mamawa ndi madzi okha, n'kudikira mphindi zosachepera 30 asanamwe phala kapena tiyi. Ambiri amalakalaka kusiya akaona kuti apeza bwino, koma akatero kufooka, kuzizidwa ndi kunenepa zimayamba pang'onopang'ono. Ngati milomo kapena zala zikuchita dzanzi pambuyo pa opaleshoni, auzeni adokotala msanga, popeza kashiamu angakhale atachepa m'magazi, ndipo musaphonye masiku okayezetsa amene akulemberani m'buku lanu la kuchipatala.