Siyani kukwecha maikolosikopu akale

Ndatopa nako kulandira maikolosikopu akale a mkuwa ali waliwali, mwini wake akumwetulira kuti, "Ndangoitsukako pang'ono kuti muione bwino." Kutsukako ndiye kuononga kumene. Amisiri a ku London ndi ku Paris a m'zaka za m'ma 1800 ankapaka vanishi wopyapyala wachikasu pamwamba pa mkuwa, ndipo Brasso, mankhwala aja opukutira zitsulo, amamuchotsa m'mphindi zochepa chabe. Mukhoza kupakanso wina, koma wodziwa amazindikira akangoyang'ana, mtengo n'kugwa pomwepo.

Chimene chimandiwawabe ndi kamaikolosikopu ka m'thumba, kaja ophunzira za zomera ankayenda nako kutchire, kamene bambo ena anandibweretsera atakakwecha ndi sitiliwulu. Dzina la mmisiri linali lozokotedwa m'mbali mwake, koma panatsala zilembo ziwiri zokha. Lenzi nayo anaipukuta ndi malaya, fumbi n'kuikanda mizeremizere, moti ukasuzumira umangoona chifunga. Anachita zimenezi pokakonda, poti kanali ka agogo awo, ndiye ndinasowa poyambira kuwakalipira. Koma palibenso amene angadziwe kuti anakapanga ndani, liti. Ife timazindikira chenicheni poona zipsera za tupa, mazinga a masikuluu ndi mmene misomali anaikhomerera. Mukasalaza zimenezo, tiyang'ane pati?

Ndiye pali akamberembere a pa intaneti, ogulitsa "Leeuwenhoek weniweni". Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa ku Delft m'dziko la Netherlands amene mu 1676 analembera Royal Society, bungwe la asayansi la ku London, za tizilombo tosaoneka ndi maso timene anaona m'madzi, anapanga maikolosikopu pafupifupi 500. Anali timapale tiwiri tachitsulo tokwana m'chikhatho, pakati pake lenzi imodzi yaing'ono ngati njere ya mapira. Otsala lero ndi khumi kapena kupitirira pang'ono, ndipo angapo ali ku Rijksmuseum Boerhaave mumzinda wa Leiden. Imodzi yasiliva inagulidwa ku Christie's, kampani yogulitsa zinthu pa okushoni, mu 2009 pa ndalama zoposa mapaundi 300,000. Wina akukugulitsani pa mtengo wa foni, inu n'kukhulupirira? Zongotsanzira zilipo zambirimbiri, ndipo kudetsa mkuwa kuti uoneke wakale si ntchito yovuta. Inde, mu 2014 ina inatuluka m'matope ochokera m'ngalande za ku Delft n'kugulitsidwa pa msika wa pa intaneti wa eBay, koma nkhani imodzi imeneyo yadyetsa anthu ambiri ndalama.

Mukaona timadontho ta ufa wobiriwira pa mkuwa, musadikire chaka chamawa. Chitsulo chikudyeka, ndipo chinyezi chimafulumizitsa. Chotsani chidacho pamalo a mnyontho, chigwireni mutavala magolovesi chifukwa thukuta la m'manja limasiya zidindo, kenaka pitani nacho kwa wokonza zinthu zakale ku miyuziyamu, osati kwa wowotcherera zitsulo. Sikuluu ikalimba musaikakamize ndi pulayala, ndipo mafuta ophikira asayandikeko n'komwe.