Tirigu wa Filburn ndi malire a boma la ku Washington

Anthu ambiri amadabwa akamva kuti ku America Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse, Congress, siloledwa kukhazikitsa lamulo pa nkhani iliyonse imene yafuna. Malamulo oyendetsera dzikolo, omwe analembedwa ku Philadelphia mu 1787, anaipatsa mndandanda wa ntchito zake: kukhometsa misonkho, kubwereka ndi kupanga ndalama, kutsegula mapositi ofesi, kulengeza nkhondo ndi zina zowerengeka. Mu 1791 anawonjezerapo kusintha kwa nambala 10, konena kuti mphamvu zonse zosapatsidwa boma lalikulu zimatsala m'manja mwa zigawo kapena anthu eni ake. N'chifukwa chake nkhani za ukwati, masukulu ndi milandu yambiri yakuba kapena yakupha zimayendera malamulo a Texas, Ohio kapena California.

Koma pamndandandapo pali kamzere kolola Congress kuyendetsa malonda a pakati pa zigawo, ndipo kamzere kameneka ndiko kamadyetsa maloya mutu mpaka lero.

Roscoe Filburn anali mlimi wa ku Ohio. Lamulo la zaulimi la 1938 linkaikira alimi malire a maekala a tirigu kuti mitengo isagwe. Iye anamuloleza maekala 11.1, koma analima 23. Atamulipitsa chindapusa cha madola 117, anakana: tirigu wowonjezerayo anali wodyetsa nkhuku ndi ng'ombe zake, wina wodya pakhomo, wina wambewu. Nanga malonda a pakati pa zigawo akubwera pati pa tirigu amene sanatuluke n'komwe pafamu? Mu 1942 majaji onse a Khoti Lalikulu anamutsutsa. Jaji Robert Jackson anati tirigu amene munthu wadzilimira ndi tirigu amene sanakagule kumsika, ndipo alimi ochuluka akachita chimodzimodzi mtengo wa dziko lonse umagwedezeka.

Pa nkhani ya chuma Jackson sanalakwe. Chimene chimandidetsa nkhawa monga loya n'chakuti ndi kaganizidwe kameneka palibe chimene chingatsale kunja. Wosoka yekha malaya ake nayenso sanakagule kusitolo. Ngati zonse zili malonda, anthu a 1787 anavutikiranji kulemba mndandanda?

Funso limeneli ndilo mtima wa gulu la majaji onena kuti mawu a malamulowa azimveka monga ankamvekera kwa anthu a nthawi imene anavomerezedwa. Otchuka pagululi ndi malemu Antonin Scalia ndi Clarence Thomas. Mu 1995 anapeza mpata pa mlandu wa Lopez, wophunzira wa ku San Antonio, m'chigawo cha Texas, amene anapita ndi mfuti kusukulu. Majaji 5 pa 9 anathetsa lamulo la Congress la 1990 loletsa mfuti m'malo ozungulira sukulu, ponena kuti kunyamula mfuti si malonda. Zoterezi azithana nazo a Texas. Thomas anapitirira pamenepo, nati m'nthawi ya oyambitsa dziko malonda ankatanthauza kugula, kugulitsa ndi kunyamula katundu, osati kulima kapena kupanga zinthu.

Mfundo yawo ndimaiona yolemera, chifukwa lamulo limene tanthauzo lake limasintha ndi jaji aliyense silingamange aliyense. Komabe akaimva bwinobwino mbiri, imawatembenukira. Oyambitsa dzikowo sanamvane okhaokha. Mu 1791 momwemo Alexander Hamilton ankati Congress ingathe kukhazikitsa banki ya dziko, pamene Thomas Jefferson ndi James Madison ankati mphamvu imeneyo palibe pamndandanda. Pulezidenti George Washington anasaina lamulo la bankiyo. Madison yemweyo, ali pulezidenti mu 1816, anasaina lamulo la banki yachiwiri, ndipo mu 1819 Jaji Wamkulu John Marshall anaivomereza pa mlandu wa McCulloch. Tsono tikamati tanthauzo loyambirira, tikunena la Hamilton kapena la Jefferson? Ine ndimati njirayi ndi yoyenera kuyambira, koma siyokwanira yokha kugamula mlandu.

Ngakhale otsatira ake amasiyana. Mu 2005, pa mlandu wa Raich wokhudza odwala a ku California ogwiritsa ntchito chamba cholimidwa komweko ngati mankhwala, mololedwa ndi chigawo chawo, Scalia anaima ndi boma lalikulu, Thomas anakana.

Mu 2012, pa lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo la Barack Obama, majaji 5 anati mphamvu ya malonda silola Congress kukakamiza munthu kugula chinthu chimene sakuchifuna. Lamulolo linapulumukabe, chifukwa Jaji Wamkulu John Roberts anati ndalama yolipitsa osagula inshuwalansi ndi msonkho, ndipo msonkho uli pamndandanda.