Akavalo a ku Garub, gulu loyenda popanda mfumu

Kuno ku Harare kavalo timamudziwira ku Borrowdale Park, kumene amathamangitsidwa pa mjaha, kapena pa chionetsero cha zaulimi apolisi atamukwera. Ndi nyama ya m'khola, yopesedwa, yobayidwa katemera. N'chifukwa chake madalaivala athu a mathiraki akamasimba kuti ku Namibia anaona akavalo opanda mwini ali m'chipululu, madala a ku Mufakose ndi ku Mabvuku amene anagwirako ntchito m'makola a azungu amapukusa mutu. Komatu akavalowo alipodi, pamalo otchedwa Garub, pafupi ndi tauni ya Aus, pamsewu wopita ku Lüderitz.

Za kumene anachokera anthu amatsutsana mpaka lero. Ena amati ndi a msilikali wa ku Germany, Hansheinrich von Wolf, wa ku Duwisib. Ena amaloza khola la Emil Kreplin ku Kubub, amene ankaweta akavalo a mjaha ndi a ntchito za m'migodi. Palinso nkhani ya mu 1915, pa Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse, pamene asilikali a ku South Africa anamanga msasa ku Garub ali ndi akavalo masauzande, ndege ya Ajeremani n'kuponyapo mabomba, ziweto n'kubalalika. Kwa ine, nkhani ya Kreplin ndi ya msasa zimakwanirana bwino, pakuti malowa ndi oyandikana ndipo nkhondo inali imodzi.

Chimene chinawasunga ndi dayamondi. Miyalayi itapezeka kufupi ndi Lüderitz mu 1908, dera lonse linatsekedwa n'kutchedwa Sperrgebiet, moti osaka nyama ndi ogwira akavalo sankalowamo. Ku Garub kunali chitsime chokumbidwira sitima za malasha, ndiye madzi analipo. Kuuma kwa dzikolo kunathandizanso: tizilombo touluka tofalitsa matenda amene ankapulula akavalo kuno m'nyengo ya mvula sitichuluka m'chipululu. Mu 1986 malowa analowetsedwa mu Namib-Naukluft Park.

Tsono kodi nyama zimene makolo awo ankamvera chikwapu ndi zingwe zimayenda bwanji pamodzi popanda mbusa? Akavalo olowerera, kaya m'chipululu chimenechi cha Namib, ku America kapena ku Australia, amakhala m'timabanja: wamphongo mmodzi, nthawi zina awiri, aakazi angapo ndi ana awo. Ana akafika zaka ziwiri kapena zitatu amachoka. Aamuna amakalowa gulu la osakwatira, kumene amaphunzira kulimbana kudikira tsiku lodzapeza akazi awoawo. Wamphongo wa banja amakonda kukhala kumbuyo kapena m'mbali. Akafuna kusonkhanitsa gulu amatsitsa mutu pafupi ndi nthaka, makutu atagona, n'kumawakusa. Mphongo zimaunjika ndowe pamalo amodzi n'kumanunkhiza, ndipo mikangano yambiri imathera pa kununkhizana, kulira ndi kupalasa pansi, osafika polumana.

Kwa zaka zambiri ophunzitsa akavalo ankanena kuti gulu lililonse lili ndi wamkazi wamkulu mmodzi amene amalamula kopita. Oziona kwa nthawi yaitali, monga Marie Bourjade amene anafufuza akavalo a mtundu wa Przewalski ku France, ndi Konstanze Krueger wa ku Germany, anapeza kuti si choncho kwenikweni. Ulendo angauyambitse wina aliyense wamkulu. Amaleka kudya, amayang'ana mbali ina, amayenda pang'ono, n'kuima. Anzake apamtima akatsatira, ena onse amanyamuka. Akapanda kutsatiridwa, amabwerera n'kuweramiranso msipu. Zimafanana ndi amayi pamudzi, mmodzi akadzuka n'kumanga chitenje atanyamula ndowa, osalankhula kanthu, anzake n'kudziwa kuti nthawi ya kumadzi yakwana. Nthawi zina woyamwitsa ndiye amayamba, chifukwa ludzu limamupweteka msanga.

Ubwenzi umenewu amaumanga pokandana ndi mano pamwamba pa mapewa, ndipo ofufuza a ku Camargue ku France anaona kuti kukanda pamalo amenewo kumachepetsa kugunda kwa mtima. Makutu nawo amalankhula. Mu 2014 Jennifer Wathan ndi Karen McComb a ku University of Sussex anasonyeza kuti kavalo amayang'ana maso ndi makutu a mnzake kuti adziwe kumene chidwi chake chili. Pogona sagona onse, ena amaima.

Ku Garub zonsezi zimayesedwa ndi madzi. Pomwera m'pamodzi, msipu uli kutali, ndipo m'nyengo yozizira amatha masiku atatu osamwa. Mabanja amafika motsatana m'tinjira tawo takale, ena n'kudikira patali kufikira anzawo atachoka.

Chimene mgwirizano wawo sunathe kugonjetsa ndi afisi. Kuyambira cha mu 2013, chilala chitakula, afisi anayamba kugwira ana, ndipo kwa zaka zingapo palibe mwana anapulumuka. Chiwerengero chinatsika kufika pa osakwana 100. Apa mkangano watsopano unabuka. Bungwe la Namibia Wild Horses Foundation ndi anthu a ku Aus amene amadya za alendo ankati akavalo atetezedwe monga chuma cha mbiri ya dziko. Oteteza zachilengedwe ena ankati fisi ndiye mwini chipululu, kavalo ndi mlendo wa zaka 100 chabe. Boma linalowererapo pochotsa ena mwa afisiwo, ndipo ana anayambanso kukula, koma pa funso loti paki ndi ya nyama iti mbali ziwirizi sizinamvane.